Wodikira pa Chingwe

Izi si nkhambakamwa ayi. Mayi Herminia, amene ankaphika ku msasa wa akatswiri a sayansi kumene zinachitikira, akali moyo, amagulitsa buledi pamsika wa ku Calama, ndipo munthu wosadumpha Misa ngati iwo sangadetse pakamwa pake ndi bodza pa nkhani ya maliro a eni. Anaona ndi maso awo. Griselda Panire, mwini nkhaniyi, nayenso alipo, kungoti masiku ano ukamufunsa amayang'ana kumbali. Ine ndikunena zimene awiriwa anandiuza, aliyense payekha, ndipo sanasiyane ngakhale pamodzi.

Msasawo unali mkati mwenimweni mwa chipululu cha Atacama, kumene mvula amangoimva m'mphekesera. Akatswiri anasankha malowo chifukwa nthaka yake yofiira, yamchere, yopanda ngakhale nyerere, akuti ikufanana ndi ya ku Mars. Anamanga kanyumba koyera kobulungira pakati pa chigwa, n'kutsekeramo anthu asanu ndi mmodzi kwa miyezi iwiri, kuti azikhala ngati afika kale kumwambako. Kuti atuluke panja, mpaka avale chovala chofufuma ndi chisoti chagalasi. M'mawa uliwonse ankatuluka awiriawiri, akuyenda ngati abakha, kukabowola pansi ndi kutolera timiyala m'timatumba, ati kufufuza ngati m'fumbi louma chotero mungakhale kanthu kamoyo. Chakudya chawo chinali chaufa chosungunula ndi madzi, madziwo oyeza ndi kapu, ndipo kusamba kunali kudzipukuta ndi kansalu.

Chigwa chonsecho anachizinga ndi chingwe chachikasu. Pa chipata anakhomapo chikwangwani chakuti anthu a pa Dziko asapitirire pamenepo. Akuti phazi limodzi lokha la munthu wamba likanadetsa nthakayo n'kuononga ntchito yonse. "Dziko" limene ankanenalo linali kuseri kwa kachitunda: makontena atatu, jenereta, thanki ya madzi, khitchini ya mayi Herminia, ndi abwana Echaurren ochokera ku Santiago, amene ankadzola mafuta a dzuwa mpaka kuoneka ngati agwa mu ufa.

Ntchito ya Griselda inali pa wailesi. Koma wailesi yake inali ya chipongwe. Mawu alionse opita m'kanyumba muja, kapena ochokeramo, makina ankayamba awasunga mphindi makumi awiri asanawapereke, poti ndi mmene mawu amachedwera pakati pa kuno ndi Mars. Ukafunsa kuti mwadzuka bwanji, yankho limakupeza tiyi atazizira kalekale.

Mwa otsekeredwa aja, asanu anali ochokera kunja kwa dziko. Wakumudzi anali mmodzi yekha, Maritza Tejerina, katswiri wa miyala, amene anakula ndi Griselda m'mudzi umodzi kumapiri, kukhala pa desiki imodzi, kubera limodzi mapeyala a ansembe. Bambo a Maritza, a Eulogio, anathera unyamata wawo mu mgodi wa kopa, ndipo mgodiwo unawatsanzika ndi fumbi lodzaza m'chifuwa. Anabwerera kumudzi kukathirira timinda tawo ta chimanga. Anali munthu wodikira. Anadikira pa geti ya mgodi, anadikira pa benchi ya chipatala, anadikira pa khomo la ofesi ya penshoni, chipewa chili m'manja, osadandaula ngakhale tsiku limodzi. Anthu ankawatama kuti ndi ofatsa. Ine zinkandiwawa.

Tsiku lotseka chitseko, abwana Echaurren anafunsa aliyense funso limene akuti amafunsidwa enieni opita kumwamba aja.

"Kunyumba kukagwa zovuta, tikuuzeni pompo, kapena tidikire mutuluke?"

Azungu aja anayamba aganiza. Maritza anaseka.

"Mudikire, abwana. Malo amenewa ndawavutikira. Ndikangotuluka pakati, mudzati si tinanena, a kumapiri sapirira."

A Eulogio anali pomwepo, kumbuyo kwa anthu, atavala jekete ya kutchalitchi. Anatsokomola, n'kugwedeza mutu kuvomereza mwana wawo.

Anamwalira kutatsala sabata imodzi ndi masiku pang'ono kuti chitseko chitsegulidwe. Linali Lachinayi. Mchimwene wa Maritza ndiye anaimba foni, ndipo anailandira ndi Griselda.

"Achemwali, madala atisiya m'mawa uno. Mpaka pomaliza amangofunsa kuti, mwana uja watuluka? Mumuuze abwere."

Griselda anathamangira kwa abwana misozi ili chuchuchu. Anawapeza akusenda lalanje.

"Pepa kwambiri, mwana wanga," anatero. "Koma unalipo pamene ananena yekha."

"Amanena moseka, abwana. Ankadziwa bwanji?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iyeyo akafunsa, tidzaona. Ife kumuuza, ntchito ya miyezi iwiri yagwa m'madzi, ndipo woyamba kulira ndi iye yemweyo. Ukufuna kumuphera tsogolo mnzako? Loweruka la sabata ya mawa si kutali."

Griselda anatuluka. Kunena zoona, sanangoopera tsogolo la mnzake lokha. Anaoperanso lake. Ntchito za wailesi sizimera m'chipululu.

Koma kwathu kumapiri kuli mwambo umene abwana sankaudziwa, ndipo akanaudziwa sakanasamala. Munthu akamwalira sachoka msanga. Amakhala masiku asanu ndi anayi akuyendera ana ake ndi malo ake, kutsanzika. M'bandakucha wa tsiku lomaliza, abale amatenga zovala zake kunja kwa mudzi, n'kuziotcha, n'kumuuza kuti tsopano pitani, musacheukenso. Amene sanatsanzikane naye m'masiku amenewo, wamuphonya basi. Tsiku lomaliza la a Eulogio linali Lachisanu. Chitseko chinali choti chitsegulidwe Loweruka.

Madzulo omwewo Griselda anakhala pa wailesi n'kuwerenga za mawa ngati palibe chachitika: mphepo ichokera kuti, akabowole pati, mabatire atsala bwanji. Yankho la Maritza linafika jenereta itayamba kale kulira.

"Zamveka, Dziko. Iwe Griselda, uwauze mayi Herminia andisungire msuzi wa nyama, wamafutawo. Phala la azunguli landikwana, ndikutuluka muno ndili chingwe."

Griselda anazimitsa cholankhulira n'kulira mpaka kudwala mutu.

M'mawa mwake mayi Herminia ndiwo anayamba kuona. Ankadzuka kukali chisisira kukoleza moto, ndipo ankataya madzi otsukira cha kufupi ndi chipata. Anabwera kudzagogoda pa kontena ya Griselda, ndowa ikali m'manja.

"Mwanawe, tavala nsapato."

Panali mapazi. Nkhwaira za tayala, zimene madoda a kumudzi amavala pothirira. Anachokera kum'mawa, kumapiri, kudutsa m'chipululu mopanda njira, n'kudzathera pa chipata penipeni, pansi pa chikwangwani. Apo anaima moyandikana bwinobwino, ngati munthu woima pa mzere.

Ndipo anali onyowa.

Griselda anagwada n'kukhudza. Matope. Anamva fungo la ngalande ya kumudzi, la nthaka yothiriridwa m'mawa, ndi kafungo ka masamba a koka amene a Eulogio ankatafuna. Kumalo kumene ngakhale thukuta limauma lisanatsike pamphumi.

"Afika," ananong'ona mayi Herminia, akudzilemba mtanda.

"Nanga bwanji sanalowe?"

Mayi aja analoza chikwangwani ndi mlomo.

"Munthu uja unamuonapo akulowa pamene alemba kuti osalowa?"

Dzuwa litangotuluka, matope aja anauma n'kusanduka fumbi. Abwana atamva, anati ndi dalaivala wa thanki amene wayamba kuyenda ataledzera, ndipo analamula kuti pasesedwe. Anasesa. Kutacha, mapazi anali pomwepo.

Anabwera m'mawa uliwonse. Sankayendayenda, sankazungulira chingwe kufuna polowera, ngakhale chingwecho mwana akanachidumpha. Ankafika pa chipata n'kuima. Mayi Herminia anayamba kusiya kapu ya tiyi ndi chibanthu cha buledi pamwala, kunja kwa chingwe. Buledi ankamupeza. Kapu inkakhala youma. Abwana anati ndi mpweya wa m'chipululu, ndipo mwina n'zoona, ine sindikudziwa.

Tsiku lina Griselda, atavala zomvera kumakutu kudikira uthenga wa m'mawa, anamva kutsokomola. Osati mu wailesi. Kunja, cha kuchipata. Chifuwa chouma, chokoka, chothera m'kamluzu. Mudzi wonse unkachidziwa chifuwa chimenecho, chinkamveka kuchokera kumunda mpaka kutchalitchi. Anakhala chiumire pampando mpaka kunayera.

"Amayi, ndichite chiyani?" anafunsa m'khitchini.

"Ukufunsa ine wophika? Pakamwa uli napo, wailesi uli nayo."

"Andichotsa ntchito. Naye Maritza adzandida moyo wake wonse."

"Adzakuda ukanena, adzakuda ukapanda kunena. Sankha chidani chimene ungagone nacho." Anakanda ufa mwaukali. "Koma udziwe, mlendo ndi mame. Lachisanu akuotcha zovala."

M'kati mwa sabatayo Maritza anasintha. Nthabwala zinatha. Mauthenga ake anali a ntchito yokhayokha: tabowola apa, tapeza mchere, chisoti cha uje chachita nthunzi. Sanafunsenso za msuzi. Sanafunse za kumudzi, pamene kale sabata sinkatha osafunsa kuti madala ali bwanji. Griselda anati ndi kutopa, ndipo mumtima anathokoza kuti sakufunsidwa. Anali ndi manyazi ndi kuthokozako, koma anathokozabe.

Lachinayi madzulo anapitanso kwa abwana.

"Tsiku limodzi lokha, abwana. Mutsegule mawa m'malo mwa mkuja."

"Mkuja kukubwera atolankhani, a ku yunivesite, ndi akazembe awiri. Ndiwauze kuti chiyani? Kuti tatseka msanga chifukwa cha mapazi?" Anamugwira paphewa mwachifundo, chifundo chake chija choterera. "Wakufa sathamangira kulikonse, Griselda. Adikira."

Lachisanu Griselda anadzuka kusanache. Anatenga kawailesi ka m'manja, kolumikizidwa ku makina omwe aja, n'kutuluka. Kunkazizira koluma mano. Jenereta inali itazima. Chipululu chikakhala chete, umamva magazi ako akuyenda m'makutu. Mayi Herminia anamutsatira, atafunda bulangeti.

Anakwera kachitunda. Fungo la matope linawachingamira.

Analipo.

Anaima pa chipata, atawafulatira, akuyang'ana kanyumba koyera kaja pakati pa chigwa. Jekete ya kutchalitchi. Chipewa m'manja, kumbuyo. Mapewa akugwa, monga mwa masiku onse. Kunsi kwa buluku kunkadontha madzi.

Griselda anaima pomwepo. Mayi Herminia anamugwira pamkono.

"Bambo," anatero Griselda. "Bambo Eulogio. Lowani. Palibe akuona."

Sanacheuke. Anangotsokomola.

Kum'mawa, pamwamba pa mapiri, kunayamba kufiira. Kumudzi anali atanyamula kale mtolo wa zovala. Griselda anadziwa kuti akanayenera kuthamanga, kudumpha chingwe, kukamenya chitseko chija ndi zibakera. Amavomera yekha kuti sanathe. Sabata yonse anaopa abwana, tsopano anaopa kudutsa pafupi ndi jekete ija. Chimene anatha n'kukweza kawailesi kukamwa.

"Maritza. Ndine. Bambo ako anamwalira Lachinayi la sabata yatha. Ndinakubisira. Ali pa chipata pano, akukudikira. Lero n'lomaliza. Tuluka, mnzanga. Tuluka mmene ulilimo."

Kanyali kofiira kanayaka. Makina analandira mawuwo, n'kuwasunga.

Mphindi makumi awiri.

"Dikirani pang'ono, bambo," analira Griselda. "Ndamuuza. Akubwera. Pang'ono pokha."

Kufiira kuja kunakwera. Nsonga za mapiri zinayaka. Mkulu uja sanasunthe.

Kenaka kawailesi kanakhosomola kokha m'manja mwake. Griselda anadzidzimuka, poti nthawi inali isanakwane ngakhale theka. Silinali yankho. Unali uthenga wina, umene Maritza anautumiza kale iye asanalankhule. Mawu awiriwo anaphonyana m'njira.

Maritza ankanong'ona, ngati woopa kudzutsa anzake.

"Griselda, usalembe zimenezi m'buku la ntchito. Ndikudziwa. Ndakhala ndikuwaona pa kawindo ka kukhitchini kuyambira sabata yatha, m'mawa uliwonse. Wamoyo sangayende mtunda umenewo ndi chifuwa chija." Anapuma, n'kumina. "Sindingatuluke. Ndatsala ndi tsiku limodzi, Griselda, limodzi lokha. Iwe uli pafupi nawo. Uwauze andidikire mpaka mawa. Madala amadikira, sangakane. Uwauze."

Wailesi inati zii.

Panalibe chowauza. A Eulogio anamva okha.

Mayi Herminia akuti mkulu uja anaima kanthawi, mutu uli pansi. Kenaka anatembenuka pang'onopang'ono. Nkhope sanaione bwino, ndipo akuti amathokoza Mulungu kuti sanaione. Anayenda kudza kwa Griselda. Fungo la koka ndi matope linadzaza mphuno. Anawerama pang'ono pa dzanja logwira wailesi lija, monga amachitira munthu wosazolowera zipangizo za eni. Griselda anamva kuzizira pa zala zake. Sanamve mawu alionse.

Kanyali kofiira kanayaka.

Dzuwa linatuluka. Pamene anaphethira, panalibe munthu. Panali mapazi onyowa olunjika kum'mawa, akuuma limodzi limodzi iwo akuona.

Zimene zinachitika m'kanyumba muja anazinena ndi azungu aja atatuluka, ndipo mmodzi wa iwo, dokotala wa ku Norway wosakhulupirira ngakhale Mulungu, sanafune kugonanso m'chigwamo. Uthenga wa Griselda utafika, unamveka pa sipika ya m'chipinda chodyera, onse akumva. Maritza anakuwa, n'kuthamangira ku chitseko. Koma taonani zimene chizolowezi chimachita: anayamba kuvala chovala chija. Miyezi iwiri ya malamulo inali italowa m'manja mwake. Anali akulimbana ndi zomangira za chisoti pamene sipika inatsokomola.

Chifuwa chouma, chokoka, chothera m'kamluzu. Kenaka mawu a munthu wamkulu, ofatsa, opanda mkwiyo ngakhale pang'ono.

"Gwira ntchito, mwanawe. Sindikuvutitsanso."

Maritza anakhala pansi pomwepo, chisoti chili pamiyendo. Sanatuluke. Panalibenso chotulukira.

Loweruka chitseko chinatsegulidwa monga mwa dongosolo. Kunali atolankhani, akazembe awiri, ndi vinyo wa thovu. Maritza anamwetulira pa zithunzi, ndipo zithunzizo zilipo, mukhoza kuziona. Abwana Echaurren anayamikira gulu lonse chifukwa cha kupirira. Amisiri anafufuza makina aja n'kupeza kuti uthenga wachiwiri unachokeradi pa kawailesi ka Griselda, koma pomvetsera anangopeza mphepo. Griselda anachotsedwa ntchito chifukwa cha uthenga woyamba uja. Iye ndi Maritza sanakanganepo, sanatukwanane. Amangoti akakumana mu msewu ku Calama, aliyense amapeza chochita m'chikwama chake.

Maritza anapita patsogolo. Pano amaphunzitsa kunja, dzina lake limatuluka m'manyuzipepala, ndipo ana a sukulu a kumudzi amaloweza za iye. Chaka chilichonse pa tsiku la akufa amabwera, n'kuyala tebulo la bambo ake monga mwa mwambo: buledi, chimanga chokazinga, masamba a koka, kapu ya vinyo. Amayala lalikulu kuposa la wina aliyense m'mudzimo.

Kwathu akufa sasowa. Amabwera kumaloto, kudzadandaula za ngalande yotsekeka, kudzaseka, kudzafunsa mbuzi. A Eulogio amabwera kwa mkazi wawo, kwa ana awo aamuna, kwa adzukulu amene sanawaone n'komwe. Anabwerapo ngakhale kwa mayi Herminia, kudzathokoza tiyi.

Maritza amafunsa aliyense m'mawa mwake, mwakachetechete, kuti anati chiyani, anaoneka bwanji, kodi ananditchula. Iye zaka zonsezi sanawalotepo ngakhale kamodzi. Anati sadzamuvutitsanso, ndipo munthu uja sankaphwanya lonjezo.